Mwana Amene Sanadzidzimuke

Lachisanu lapitali, potseka sukulu kuno ku Makanjira, ine mphunzitsi wa imvi zanga ndinavina pamaso pa ana. Musandiseke msanga, imvani kaye.

M'kalasi mwanga, Sitandade 4, muli mtsikana dzina lake Halima. Anabwera ndi amayi ake pothawa nkhondo ku Mozambiki, monga ana ambiri amene adzaza makalasi athu masiku ano. Ankakhala kumbuyo kwenikweni, pamene timatsamiritsa matsache. Ukamuitana, zii. Ukamufunsa funso, amangokuyang'ana pakamwa. Ife aphunzitsi mlandu wake tinagamula kalekale: "Ameneyu Chichewa sachidziwa." Koma anzake amene anabwera naye limodzi anali akutukwanizana kale m'Chichewa chomwecho. Ngakhale m'Chiyao, chilankhulo cha kwawo, sankayankha. Tinafunsapo chifukwa? Ayi. Safunsa anadya phula.

Atabwereza kalasi, amjomba ake, ndiye kuti amalume ake, Che Adamu, anandipeza teremu ikuyamba. "Aphunzitsi, ulendo uno akalephera, basi. Azikayanika usipa pa thandala. Yunifolomu isamangothera pachabe."

Ndinavomera ndi mutu. Mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Patapita masabata awiri, lole yonyamula nsomba inaphulika tayala pamsewu, kuseri kwa kalasi yathu. Phuu! Ana othawa nkhondo onse anadzigwetsa chafufumimba, wina mpaka anatulukira pawindo. Iwowa kulira kwa mfuti amakudziwa. Koma Halima anali phee, mutu uli pakope, akukopera za pabolodi.

Mwana wothawa mfuti osadzidzimuka? Ndinazungulira kumbuyo kwake n'kuomba m'manja pafupi ndi khutu. Sanatembenuke.

Masana omwewo ndinakawapeza amayi ake, Abiti Yusufu, akusinja chinangwa. Nditawafunsa za makutu a mwanayo, anaika munsi pansi. "Makutu anatseka atadwala tili m'thengo pothawa. Ndinabisa dala, aphunzitsi. Ndinkaopa kuti mukadziwa mumuchotsa sukulu."

Ine za kaphunzitsidwe ka ana osamva sindinaphunzirepo, ndisakunamizeni. Ndinangoyamba ndi zimene ndikanatha. Ndinamusamutsira pabenchi ya kutsogolo. Ndinasiya khalidwe lathu lija lolankhula ndi bolodi, ana titawafulatira. Chilichonse chotuluka pakamwa panga ndinkachilembanso. Ndevu zanga za pamlomo, zimene ndinazisunga kuyambira ndili mnyamata, ndinameta kuti aziona bwino milomo. Mayi a kunyumba anaseka mpaka misozi, akuti ndikuoneka ngati mlamba wopanda ndevu. Abiti Yusufu anandiphunzitsa zizindikiro za manja zimene amalankhulirana kwawo, ndipo ana anazigwira msanga kuposa ine.

Apa mpamene tinaona china. Masamu amene ena amalimbana nawo mpaka belu, Halima amamaliza ndisanapukute choko m'manja. Ndinachita kukabwereka buku la Sitandade 6 kuti asamangokhala. Mwana yemwe uja tinkamuti mbuli!

Tsono ndikufunseni, aphunzitsi anzanga ndi inu makolo. Ndi ana angati tawapatsa mayina m'malo mowapatsa thandizo? Uyu waulesi, pamene mwina saona bwino pabolodi. Uyu wamwano, pamene sakumva. Uyu wolongolola, timukwapule, pamene anamaliza kale ntchito ndipo mutu wake ukufuna ina. Wotsalira ndi wothamanga timawakwapula ndi ndodo imodzi.

Sindikunena kuti kumeta ndevu n'kokwanira. Sukulu za ana otere zilipo, koma zili kutali, ndipo ndi msewu wathu uno mvula ikagwa, ndani angafikeko? Tikufuna aphunzitsi ophunzitsidwa ntchito imeneyi, zipangizo, ndi achipatala oti aziyeza maso ndi makutu a ana akamayamba sukulu. Koma maziko ake safuna lole yochokera ku Mangochi. Maziko ndi kumuyang'ana mwana mmodzimmodzi n'kufunsa kuti chavuta n'chiyani.

Lachisanulo ndinalemba zotsatira za mayeso pabolodi. Nambala 2, Halima. Masamu anakhoza onse. Ana anaomba m'manja, kenaka anakumbukira kuti mwini wake sakumva. Anayamba kumenya benchi imene iye anakhalapo mpaka inanjenjemera. Halima anatembenuka, n'kuona kalasi yonse ikumuyang'ana, ndipo anaseka mokweza. Aka kanali koyamba kumva mawu ake akuseka. Mpamene ndinavina paja, ndipo ndinakondwa kwambiri.

Che Adamu anali ataima pawindo, atabwera kudzamutenga Halima. Kuwerenga sadziwa, choncho ndinawawerengera. Anakonza kofia kumutu.

"Aphunzitsi," anatero, "usipa tiyanika tokha."

Halima anapulumuka chifukwa cha tayala lakutha la lole ya eni ake. Koma matayala saphulika tsiku ndi tsiku. Kumbuyo kwa kalasi yanu, pafupi ndi matsache paja, pakhala ndani?