Alevi ndi Fodya wa Tcheyamani

Ndinali mphunzitsi wobwera ku Mchinji, wochokera kum'mwera, pamene akulu a mpingo anandipempha kuti ndilalikire Lamulungu lina, abusa atapita kumaliro ku Mavwere. Ndinasankha nkhani ya Alevi, anthu amene ankatumikira m'kachisi wa Ayuda, ena oyimba, ena alonda a pakhomo. Ndinafotokoza kuti mfumu ina yoipa inatseka kachisi mpaka nyali zinazima, ndipo itafa, Alevi ndiwo analowa n'kutulutsa zonyansa zonse kukataya kumtsinje, nyimbo n'kuyambiranso.

Nditangotchula kuti mfumu yoipa, ndinaona tcheyamani wa chipani wa dera lathu, bambo wamtali wolima fodya ku Chiosya, akutulutsa kapepala m'thumba n'kulembapo. Masiku amenewo anthu ankasowa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo.

Mkazi wanga sanandikalipire. Anangoti malire sali patali, ndipo mlongo wake woyendetsa lole akhoza kundiwolotsa kupita ku Chipata. Ndinakana, koma chakudya chinasiya kulowa.

Lachitatu ndikuphunzitsa masamu, ahedi anadzandiitana osandiyang'ana kumaso. Tcheyamani anali ataima pansi pa mtengo wa mango, atagwira njinga. Anandipatsa moni, anafunsa za ana ndi za mvula, kenaka anatulutsa kapepala kaja. Panali liwu limodzi lokha: Alevi.

"Aphunzitsi, kodi anthu amenewa anali abusa?"

Ndinati ayi, anali othandiza ansembe pa ntchito za m'kachisi.

"Ndiye kuti malemu bambo anga anali Mlevi," anatero motsitsa mawu.

Anandiuza kuti bambo awo ndiwo ankaliza belu ndi kusesa m'katchalitchi ka m'mudzi mwawo mpaka tsiku lomwe anamwalira. Kuyambira pamenepo anthu anasiya kusonkhanamo, ndipo tcheyamani, poona kuti denga silidontha, anayamba kusungamo fodya. Ulaliki uja unawasowetsa mtendere. Ankafuna ndipite Loweruka tikatulutse fodyayo, popeza ndine ndinayambitsa nkhaniyo.

Atakwera njinga, ndinakhala pa muzu wa mtengo uja. Ndinaseka ndekha mpaka misozi, ana akusuzumira pa zenera.

Loweruka tinapita ndi mkazi wanga. Amuna tinasenza fodya kupita naye kuchigafa, amayi anatunga madzi n'kuzira pansi ndi dothi lakuda. Belu, chitsulo cha gudumu la lole, tinalipeza m'thengo litachita dzimbiri, ndipo tcheyamani analipachika okha. Polimenya koyamba anaphonya, amayi n'kuwaseka, iwonso n'kuseka nawo.

Fungo la fodya silinachoke msanga. Kwa miyezi ingapo, ndikamapita kukaphunzitsa nyimbo kumeneko, oyimba ankatsokomola pakati pa ndime, koma anali kuchuluka sabata ndi sabata.