Zala Zanga Zinatsala Pachithunzi

Nsanje ndili nayo, sindibisa. Koma palibe chinthu chimene chinandiwawa mtima ngati foni ya mkazi wa mlamu wanga.

Awirife tinakwatiwa pakhomo limodzi, ine kwa wamkulu, iye kwa wamng'ono, ndipo amuna athu onse ali ku Joni. Timagulitsa tomato ndi kachewere m'mbali mwa msewu pa Nsipe, mabenchi athu ogundizana. Kwathu kuno mkazi safunsidwa ngati mwamuna wake akumukumbukira, anthu amangoyang'ana chimene chili m'manja mwake. Azigogo athu a kumigodi ankabwera ndi njinga, wailesi ndi mabulangete. Masiku ano umboni ndi foni, yobwera ndi madalaivala onyamula katundu.

Ya mnzangayo inali ndi maso atatu kumsana, yaitali ngati chipande. Inkatseguka ikangoona nkhope yake. Yanga inali ya diso limodzi, yotentha ngati mbaula ukaimbirako pang'ono, ndipo chigwereni pa simenti inali ndi banga lakuda kumanzere kwa galasi. Zithunzi zonse ndinkaziona theka. Basi ikaima iye ankayamba waika foni yake pamwamba pa tomato kuti apaulendo aione, ine yanga n'kuikankhira pansi pa thumba.

"Achemwali, taonani izi," anandiitana tsiku lina. Anali atadzijambula, kumbuyo kwake kuli mbuzi ikudya makoko. Anaizunguliza mbuziyo ndi chala, mbuzi ija zii! Panangotsala dothi losalala ngati sipanapondepo chiweto.

"Chikomekome cha mkuyu," ndinatero ndikupukuta tomato amene ndinali nditapukuta kale.

Lamulungu lotsatira bambo a kunyumba ataimba, ndinaiyamba nkhaniyo mozungulira, kenaka ndinangoilasa.

"Foni yanuyo ikuimba?" anandifunsa.

"Ikuimba."

"Mauthenga akufika?"

"Akufika."

"Ndiye vuto n'chiyani, mayi? Zatsopanozi n'zoseweretsa ana. Amangosintha chikuto, m'kati n'chimodzimodzi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Sindinagonje. Mwezi ndi mwezi ndinkaikumbutsa nkhaniyo, iwo n'kumayankha zomwezo. Chimene ndinkafuna sichinali maso atatu aja ayi, nanga ndikanajambula chiyani, kachewere? Ndinkafuna kuti dalaivala adzatsike pa Nsipe, aitane dzina langa anthu akumva, andipatsire kabokosi.

Pa Khirisimasi amuna athu anabwera. Ife tinali titangofolera nyumba ndi malata, ndiye mnzanga uja anatijambula pakhonde, bambowo atavala jekete lachikopa, ine pambali pawo mu chitenje chatsopano ndi patapata wobiriwira. Chithunzicho anatitumizira tonse awiri. Tchuthi chitatha amuna athu anabwerera, ine osalandira foni.

Chakumapeto kwa dzinja ndinaona kuti bambowo asintha kachithunzi kamene amaika pa nambala yawo. Kanali komwe kaja ka pakhonde! Iwo ndinkawaona bwinobwino kumanja, kumanzere kuli banga langa lakuda lija. Ndinadziwa kuti pansi pa bangalo pali ine. Tsiku limenelo ndinayenda ngati mwini msika. Foni alibe nayo ntchito munthu amene mwamuna wake wamuika poti Joni yense amuone.

Sindinachedwe kudzitama. "Enafe sititumiziridwa mafoni," ndinatero mokweza kuti ndi mayi wogulitsa anyezi amve, "koma tikuikidwa pa nambala."

"Zoona, achemwali? Tiyeni tione pa yangayi, ndi yowala."

Anatsegula. Anayang'ana, n'kufuna kuitembenuza, koma ndinali nditaigwira kale.

Bambowo anali okha. Khoma lathu, chitseko chathu, malata akung'anima, jekete lija. Pamene ndinaima ine panali njerwa zokhazokha, zolumikizana bwino ngati mmisiri anazimanga dzulo.

"Mwina n'china, anajambulitsanso okha," anatero mnzangayo ndi mawu ang'ono.

Ndinamulanda foni n'kukulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri monga ndinkamuonera akuchita. Pansi, pafupi ndi nsapato yawo, panali kansonga ka patapata wobiriwira, ndi zala zanga zitatu. Ndinazizindikira, chachikulucho chili ndi chikhadabo chimene ndinadzitema ndi khasu. Chala chawo chinandizunguliza monga mbuzi ija, koma chinaphonya pang'ono.

Kani foni yatsopano anagula. Kani zoseweretsa ana zija amazidziwa ntchito yake. Pomwepo nsanje yanga inasamuka pa benchi la mnzanga n'kuwoloka malire. Ndani kumeneko amene safunika kuona kuti pakhondepo pali mkazi? Ndi wotani? Iyeyo foni yake ili ndi maso angati?

Basi inaima, anzanga anathamangira ku mawindo ndi mabeseni. Ine sindinadzuke. Mkazi wa mlamu wanga nayenso sanapite, anangokhala pambali panga tomato wake akupsa ndi dzuwa. Zimenezo sindidzaiwala, ngakhale kuti mpaka lero kadzitamidwe kake kamandinyansa.

"Chija unajambula iwe chikadalipo?" ndinamufunsa.

Anachipeza. Tinali awiri, ine ndikumwetulira mano onse pamtunda.

"Ndionetse pokanikiza."

Ndinawazunguliza bambowo mosamala, kuyambira chipewa mpaka nsapato, osasiya kanthu. Foni inaganiza pang'ono, iwo zii. Ndinkayembekeza kuti mtima ukhala pansi. Ndinayang'ana: mkazi ali yekha pakhonde, nyumba yamalata kumbuyo kwake. Panalibe chachilendo. Ndi mmene pakhomo panga pamaonekera chaka chonse.

"Bwezeretsa," ndinatero, ndipo anawabwezeretsa.

Lamulungu bambowo anaimba monga mwa masiku onse. Anafunsa za chimanga, za ana, kenaka mwa okha anati, "Za foni ija ndaganizapo, mayi. Ndikutumizirani mwezi wamawa, yabwino zedi."

"Musavutike, bambo," ndinayankha. "Yangayi ikuimba."

Ndikadali nayo, ndi banga lake lomwe. Ndikatsegula nambala yawo ndimawaona ataima kumanja, kumanzere kuli mdima, ndipo pa foni imeneyi yokha ndi pamene ndikadali pambali pawo.