Aulusi ndi Chitini cha Guluu

Achimwene anga amasoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo, m'mbali mwa msewu waukulu. Anthu amawatcha Aulusi, chifukwa nsapato iliyonse, ngakhale yongofuna kadontho ka guluu, iwo amaisoka ndi ulusi basi. Makasitomala amayesa ndi luso lapadera. Ife apachibale timadziwa kuti ndi mantha.

Guluuyo anatsala pang'ono kutilanda munthu. Achimwene anayamba ndi kumununkhiza pantchito, ati kuchotsa kutopa, kenaka n'kuwonjezerapo chamba. Mutu unasokonekera. Ankamva mawu owalamula, n'kumaima pamsewu womwewo kukalipira magalimoto, malaya ali m'manja. Ine ndinkachita manyazi, sindibisa, moti popita kumsika ndinkadzera njira ina. Anagonekedwa m'chipatala miyezi inayi. Adokotala anati mwina matendawo analipo kale, zosutazo zinangowadzutsa, ndipo akadzabwereza adzadwalanso. Papita zaka zisanu ndi zinayi tsopano. Mapilisi awo amakhala m'kabotolo pakati pa misomali ndi singano, ndipo salumphitsa tsiku. Nthabwala zawo zinabwerera zonse, mimba nayo inatuluka.

Lolemba lina m'mawa, mwana wawo wamkazi amakayamba ntchito yauphunzitsi. Tinamuperekeza ine ndi alamu anga, mayi ake, kuti akatsanzike bambo wake. Titangofika pakhondepo, soli ya nsapato yake inamatuka n'kuyasama ngati pakamwa pa nsomba.

Achimwene anaitembenuza uku ndi uku. Inali yopyapyala, yonyezimira, yoti singano ikangolowa ing'ambika.

"Iyi siisokeka," anatero.

"Isiyeni, ababa. Ndivala mapatapata," mwana uja anayankha msanga. Anali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene bambo wake ankadwala, ndipo sanaiwale kanthu.

"Aphunzitsi a mapatapata, bambo awo ali osoka nsapato? Anthu andiseka mpaka kumanda." Anatembenukira kwa akazi awo. "Amayi a mwana, lowani musitolomu mutenge kachitini ka guluu."

Alamu anawayang'ana m'maso nthawi yaitali, kenaka analowa.

Pamene ankatuluka, achimwene anali atavula epuloni yawo n'kuisiya pampando. Anaponya fumbi m'mwamba kuti aone kumene mphepo ikulowera, n'kuwoloka msewu, kukaima kutsidya pafupi ndi mtengo wa magetsi, kumene fungo la guluu silingawapeze. Alamu anga, amene chibadwire sanakonzepo nsapato, anakhala pampando uja, epuloni ikufika kumapazi.

Ntchito inayamba, achimwene akukuwa kudutsa magalimoto.

"Ikandeni kaye ndi sandipepa. Pakani pang'ono, amenewo si majarini!"

"Ndapaka. Ndimate?" alamu anafunsa.

"Dikirani aume. Inu kupupuluma kumeneku ndi kumene munakwatiwira ndi ine."

"Nanga ndikanadikira ndikanapeza wabwino?"

Mwini sitolo anaseka mpaka kugwira chitseko. Anthu anayamba kuima. Achimwene ankaponya manja m'mwamba kuonetsa kamenyedwe ka hamala, thukuta lili kamukamu. Apa m'pamene mayi wina wogulitsa tomato, yemwe wakhala pamsewuwo zaka zambiri, ananong'oneza mnzake kumbuyo kwanga.

"Taonani, ayambanso."

Mwana uja anamva. Anaweramitsa mutu, nsapato imodzi kuphazi, phazi linalo lili pakatoni. Ndinazindikira kaweramidwe kameneko, chifukwa kale kanali kanga.

"Azakhali, akuti chiyani?" anandifunsa chapansipansi.

Ndinamupatsa chikwama changa kuti andigwirire, n'kuwoloka msewu. Ndinakaima phewa ndi phewa ndi achimwene, pamalo pomwepo pamene kale ndinkapalambalala. Iwo anandiyang'ana modabwa.

"Achemwali, inunso mumadziwa za nsapato?"

"Olo pang'ono. Tingokuwa tonse."

Ndinaika manja kukamwa, anthu onse akuona, n'kufuula ndi mawu anga onse kuti alamu amenyetse hamalayo chakuchidendene.