Tavita Sadwala

Ndodo ya malume ndili nayobe, imakhala kuseri kwa chitseko. Ndi yachitsulo, yofika pachifuwa panga, ndipo kunsonga konse kuwiri kuli nsanza zomangidwa ndi waya, zakuda bii. Mpaka lero mukaiyandikiza kumphuno mumamva palafini. Koma amene anandipatsa ndodoyi kuti ndiiyatse si malume ayi. Anandipatsa ndi manijala wa lesitilanti imene malume ankagwirako ntchito. Munthu ameneyo anandiveka zovala za malume, nanditcha dzina lawo la pantchito, nandivinitsa pa kamera, eni akewo akulimbana ndi mpweya kuchipatala. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu. Tsiku limenelo ndinamuthokoza ndithu, ndi manja awiri. Ndikakumbukira kuthokoza kumeneko ndimafuna kumenya khoma.

Ku Dubai ndinapitako chifukwa cha ndewu. Ndili Fomu 2 ndinagulula mnzanga dzino, aphunzitsi anandiimitsa sukulu, azakhali amene ankandilera ku Ntcheu anati atopa nane. Mayi ankalera ana m'nyumba ina ku Al Twar, ntchito yogonera komweko, ndiye sakanatha kundisunga. Anapangana ndi mchimwene wawo kuti ndikakhale kwa iwo milungu inayi, andiwongole. Mlungu wachitatu kolona inafika, ndege zinaima. Milungu inayi ija inasanduka miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kusukulu sindinapondekonso.

Lesitilantiyo ndinaiona kamodzi isanatsekedwe. Kunja kuli mchenga ndi dzuwa lothyola mutu, koma ukalowa unkangoona ngati wafika pachilumba. Makoma a nsungwi, denga la udzu, bwato lopachikidwa m'mwamba, zifaniziro zamitengo za mano akuluakulu, ndi mathithi oyendera magetsi. Zakumwa ankathira m'zigoba za kokonati. Atsikana ovina ankavala nkhata za maluwa apulasitiki zimene ankazichapa m'ndowa Lachisanu lililonse. Alendo ankauzidwa kuti onsewo ndi ochokera kuzilumba za kunyanja ya Pasifiki. Bodza. Ambiri anali a ku Philippines, mmodzi wa ku Nepal amene nyanja anaionera ku Dubai komweko.

Chakudya chikatha magetsi ankazima, ng'oma nkuyamba, ndiye ankatulukira Tavita, mwana wa mfumu ya kuzilumba, akuzunguza ndodo yoyaka kuwiri. Tavitayo anali malume anga. Nkhope atailocha mizere yakuda, chibiya chaudzu m'chiuno, moto ukudutsa pakati pa miyendo, kumsana, m'mwamba, nkubwerera m'manja. Ndinaimirira kukhomo la kukhitchini kukamwa kuli yasa. Ndinkadziwa kuti kwathu malume anali katswiri wa gule wa ngoma, kuti chibonga ankachiponya ndi kuchiwakha ngati chopepuka, koma izi sindinaziganizirepo.

Mbiri ya malowo anandiuza ndi mkulu woimba ng'oma, Mfilipino wa imvi amene anakhalapo chiyambire. Anandionetsa khoma la zithunzi pafupi ndi khomo, zina zitayamba kufiira ndi ukalamba. Anati Tavita woyamba anali weniweni, wochokera kuzilumbako, ndipo dzinalo linali lake lobadwa nalo. Atathyoka bondo anabwerera kwawo, koma dzina linatsala, chifukwa alendo anali atalizolowera. Analowa wachiwiri, analowa wachitatu. Malume anabwera kudzatsuka mbale, tsiku lina anapezeka akuzunguza mpini wa mopu kuseri, nakhala wachinayi. Zaka khumi ndi ziwiri. Pakhomapo onse anayi ankaoneka ngati munthu mmodzi amene sakalamba, poti penti ya kumaso inali imodzimodzi.

Lamulo la pamalopo linali lakuti wovina asayankhule chinenero cha kwawo pamaso pa alendo. Malume akafunsidwa kwawo ankangomwetulira nkuloza mapu. Usiku umene ndinapitako ndinawafuulira kuti, "Malume, mwatha!" Anandidutsa ngati sandidziwa. Tili m'basi anandikoka khutu.

Kenako boma linatseka zonse chifukwa cha kolona. Tinatsekeredwa mufulati ya ovina ku Al Qusais, amuna asanu ndi awiri m'zipinda ziwiri, mabedi osanjikizana. Munkanunkha nsomba zouma, sanitaiza ndi masokosi. Tinali pafupi ndi bwalo la ndege, koma kumwamba kunali zii, moti tinkamva nkhunda padenga la nyumba yoyandikana nayo. Ine ndi mtima wanga wapachala ndinakangana ndi aliyense, za chaja, za madzi osamba, za fani. Tsiku lina nditaswa kapu dala, malume sanandimenye. Mmawa wake anandidzutsa dzuwa lisanatenthe, tinakwera padenga, anandiponyera ndodo.

Tinkayeserera yosayatsa. Inandimenya pachipumi, m'mawondo, pamlomo, mpaka ndinalavula magazi pa simenti. Ndikaitaya pansi mwaukali malume ankangokhala pa thanki yamadzi nkudikira. "Ukaikwiyira imakuluma," ankatero. Zikhatho zawo zinali zosalala ngati pulasitiki chifukwa cha kupsa, ndipo tsitsi la m'mikono linaleka kale kumera. Patapita milungu ingapo ndodo inayamba kundimvera. Kunali koyamba m'moyo wanga kuchita chinthu mpaka kuchidziwa. Ndinawapempha kuti tiyatse. Anakana. Anati moto ndi wa anthu amene alibe kwina kolowera, ine ndibwerera kusukulu.

Chifuwa cha malume chinayamba ngati chimfine. Masiku atatu anakana kuti akudwala, lachinayi analephera kumaliza masitepe. Anabwera anthu ovala zoyera thupi lonse, anawatenga. Chimene ndikukumbukira ndi patapata mmodzi wa malume amene anatsala pakhomo la lifiti, ndi mawu awo kuseri kwa masiki akuti, "Usavute anthu." Ife otsala anatitsekera milungu iwiri, chakudya nkumatisiyira pakhomo.

Milungu iwiriyo itatha manijala anabwera yekha. Sanalowe, anaima pakhonde atavala masiki awiri. Anati lesitilanti yayamba kutumiza chakudya m'makomo, koma anthu aiwala za ife, ndiye pakufunika vidiyo ya Tavita yoti aziona pa foni. Mkulu woimba ng'oma anamukumbutsa kuti Tavita ali kuchipatala. Yankho lake ndimalimvabe: "Tavita sadwala." Wina anali atamuuza kale za padenga paja. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati akugula mbuzi, nati msinkhu ndi womwewo, khungu ndi lomwelo, zotsalazo penti ikonza. "Yalla, habibi, mawa," anatero, kutanthauza kuti tiye bwanawe, ndi mawa.

Mkulu uja anayesa kukana, anati ndine mwana, sindinagwirepo moto. Ine ndinamukalipira kuti asandilowerere. Ndinkaona ngati ndikuwasungira malume malo awo, kuti akadzatuluka adzapeze dzina lawo lili moyo. Komanso ndisaname, ndinkafuna kuyatsa ndodoyo.

Tinajambula masana, makatani onse atatsekedwa kuti mukhale mdima. Mipando inali itatembenuzidwa pamatebulo, mathithi atazimitsidwa, madzi ake atachita ndere. Chibiya cha malume chinkanunkha thukuta lawo. Penti inali yozizira kumaso. Manijala ananyika yekha nsonga za ndodo m'chitini cha palafini nkuyatsa, ndipo palibe anandiuza kuti moto ukamazungulira umalira, fuu, fuu, pafupi ndi khutu. Tinabwereza kasanu ndi kamodzi. Kachinayi palafini woyaka anandidonthera padzanja lamanzere, khungu linatuwa pomwepo. Manijala anati tisinthe mbali ya kamera. Pomaliza anandisisita paphewa nati basi tamaliza, "Khalas, Tavita." Ndipo ine ndinayankha. Ndipamene ndinamuthokoza paja.

Vidiyoyo ndinaitumiza kwa mayi ndi kwa malume, mtima uli m'mwamba. Mayi anaimba foni ali m'bafa ya abwana awo, akunong'ona. Sanandiyamikire. Anangoti, "Chotsa zimenezo kumaso kwako," nadula. Malume anayankha tsiku lotsatira ndi mawu ojambula, masekondi ochepa, kumbuyo makina akulira. Ankapuma pakati pa mawu aliwonse. "Ndodo wagwira bwino, mphwanga. Koma akakuitana dzina limenelo, usayankhe."

Ndinapsa mtima. Ndinaganiza kuti ndi nsanje, kuti akuopa ndawaposa. Sindinawayankhe. Ndinati ndidikire atuluke tikakambirane maso ndi maso.

Anamwalira patapita masiku anayi. Kumanda sitinaloledwe kupita. Abwana a mayi sanawalole ngakhale kutuluka pageti, kuopa kuti abweretsera ana matenda, moti maliro a mchimwene wawo analira akupukuta mbale. A kuchipatala anatitumizira chithunzi cha mulu wa mchenga wokhala ndi nambala. Mlungu womwewo vidiyo ija inali ikuyendabe pa mafoni a anthu, pansi pake atalemba kuti Tavita akupereka moni, ali bwino, akuyembekezera kudzakuonaninso. Anthu ankaikapo timitima tofiira. Ine ndinkawerenga timitimato. Pamenepa ndimadzida kuposa mmene ndimamudera manijala.

Ndege yobwerera kumudzi itapezeka, mkulu woimba ng'oma anakulunga ndodo m'thaulo nandipatsa. Anati akafunsidwa anena kuti inasowa.

Mwana wa zaka khumi ndi zisanu uja ankaganiza kuti akuwasungira malume malo. Sakanatha kumvetsa kuti panalibe malo a malume oti nkuwasungira. Panali chibiya, penti ndi dzina, ndipo ine ndi amene ndinaonetsa manijala kuti munthu wa mkatimo atha kuchotsedwa popanda mlendo aliyense kuzindikira. Malume anazidziwa zimenezi kwa zaka khumi ndi ziwiri. Mpweya wochepa umene unawatsalira anauthera kundichenjeza, ine nkuwayesa ansanje.

Ndinabwereranso ku Dubai nditakula, pano ndimayendetsa njinga yamoto yoperekera zakudya. Kwa miyezi yambiri oda ya kulesitilanti ija ikabwera pa foni ndinkaikana. Tsiku lina masana ndinaivomera, sindikudziwa chifukwa chake. Ife a njinga timadikirira kukhomo la kuseri, koma ine ndinalowera kutsogolo, chipewa chili m'manja. Mathithi anali akuyenda, ng'oma ankaziimba ena, mkulu uja kunalibe. Khoma la zithunzi analikonza, analiika magetsi, nalembapo mbiri yonse ya malowo. Ndinafufuza chithunzi cha malume, chimene ndinachiona pakhomapo kale ataima ndi mwendo umodzi. Panalibe. Pamalo pake panali chithunzi chachikulu chochokera muvidiyo ija, mnyamana wowonda m'lesitilanti yopanda anthu, pansi atalemba kuti ngakhale nthawi ya mliri Tavita sanatisiye.

Manijala anabwera akuthamanga, tsitsi litayamba imvi, akundikusa ndi dzanja kuti a njinga kuseri. Sanandizindikire. Panali alendo pamatebulo atatu, ana atavala nkhata zamaluwa. Ndinamva manja anga akufuna kuchita zija anachita ku Fomu 2, ndiye ndinawakanikiza pachipewa. Ndinakwinya malaya, ndinamuonetsa chipsera cha padzanja, pafupi ndi mphuno yake. Ndinayamba m'Chichewa, mokweza, chifukwa m'nyumba imeneyo malume sanaloledwe kuchiyankhula. Kenako ndinabwereza m'Chingerezi changa chothyokathyoka kuti alendo amve.

"Uyu pachithunzipa ndine, ndinali mwana, munandiwotcha ndinu. Tavita wanu anadwala, anamwalira, ali mumchenga pansi pa nambala. Sanali wa kuzilumba, anali wa ku Ntcheu. Zaka khumi ndi ziwiri anakuvinirani, simunawatchulepo dzina. Ndi a Lameki. Tchulani, bwana. Sindichoka pano mpaka mutchule."