Ndinati ndi moni chabe

Bambo wina wosonkhanitsa makalata a nthawi ya atsamunda anabwera kwathu ku Zengeza atamva kuti ndimawerenga Chichewa. Anatulutsa khadi lakale la papositi, losindikizidwa mutu wa mfumu ya Angerezi pakona, n'kundichenjeza kuti ndisalidetse.

"Rinoti chii?" anafunsa m'Chishona, kutanthauza kuti, "Likuti chiyani?"

Panalembedwa kuti: "Achimwene, kapitawo wandigulula mano awiri kuno ku fodya. Musawauze amayi."

Agogo anga anavutikanso m'mafamu a fodya omwewo. Koma mlendoyo ankamwetulira, tiyi ali m'manja, ndipo ine chitsiru ndinaopa kumuwonongera chisangalalo. Ndinati, "Ndi moni chabe."

Ndikakumbukira ndimapsa mtima mpaka lero. Analemba "moni" pakapepala, n'kutsekera khadilo m'pulasitiki. Ine n'kumuperekeza mpaka pageti, ndikumuthokoza.