Tsiku Limene Ndinaloza Apongozi Chala

Zaka zoyamba za ufulu, anthu asanazolowere kutchula tauni yathu kuti Chipata, ine ndinali mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Madzimoyo. Monga mwa mwambo, ine ndi apongozi anga aakazi sitinkayang'anana. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'tchire, ndipo wopatukayo nthawi zonse ndinali ine. Zonena zathu zinkadzera kwa mkazi wanga.

Nyengo imeneyo tinali titasemphana pa nkhani ya munda. Ine ndinkafuna kudzala thonje, iwo ankati munda wa makolo awo ndi wa mtedza basi. Mudzi wonse unkadziwa zimenezi, chifukwa mkazi wanga popereka uthenga sankanong'ona.

Lachitatu lililonse masana tinkasonkhana m'katchalitchi kathu kaudzu kuphunzira Baibulo, amuna mbali iyi, akazi mbali inayo. Ankatitsogolera mkulu wa mpingo wina amene misonkhano ya ndale inamulowa m'magazi. Ngakhale polengeza nyimbo ankakweza chibakera.

Tsikulo tinafika pa nkhani ya mtumiki uja woyamba kuphedwa chifukwa cha chikhulupiriro, amene anaimirira pabwalo la akuluakulu a Ayuda n'kuwakumbutsa mbiri ya makolo awo kuyambira pachiyambi. Mawu akewo ndi aatali. Tinkawerenga mopatsirana, kunja kukutentha, ndipo Aisiraeli asanatuluke n'komwe mu Iguputo, theka la gulu linali likuwodzera.

Mkuluyo anamenya benchi. "Munthuyu sankatonthoza odwala ayi. Ankadzudzula akuluakulu, imfa ili pakhomo. Akamwini, taimirirani mumalize ndinu. Mawu akwere, ndipo pofika podzudzula, muloze chala."

Chigawo chimenecho ndinali ndisanachiwerengepo, choncho sindinkadziwa zimene zinali kutsogolo. Ndinayamba bwino. Ogona anadzuka, nanenso ndinayamba kudzimva. Kenaka ndinafika pamene mtumikiyo akuwauza akuluakulu aja kuti ndi ouma makosi, osamva zonena, ndiponso kuti khalidweli anatengera kwa makolo awo. Maso ali pabuku, ndinatambasula dzanja n'kuloza ndi mphamvu zonse.

Nditadzutsa mutu ndinapeza chala changa chalunjika pamphumi pa apongozi. Kanali koyamba kuiona nkhope yawo bwinobwino, ndipo ndinazindikira kumene mkazi wanga anatengera mphuno.

Apongoziwo ine sanandiyankhule. Anatembenukira kwa mkuluyo modekha.

"Abambo, ine kuwerenga sindidziwa. Kodi munthu amene ananena zimenezi zinamuthera bwanji?"

Mkuluyo anakanda kumutu. "Anamutulutsira kunja kwa mzinda, mayi, n'kumuponya miyala."

"Anafa?"

"Anafa."

"Chabwino," anatero apongozi, akukonza duku lawo.

Amayi ena anabisa nkhope m'zitenje, mapewa okha akugwedezeka. Mkuluyo anayesa kuziziritsa nkhani. Anati chachikulu n'chakuti munthuyo pomwalira anapempherera omuponya miyalawo kuti akhululukidwe. Apongozi anati phunzirolo ndi labwino kwambiri, ndipo akukhulupirira kuti nthawi ikakwana nanenso ndidzachita chimodzimodzi.

Pobwerera ndinazungulira kudambo, kumene kulibe miyala. Mkazi wanga ndinamupeza atafika kale, akuswa mtedza wambewu pakhonde.

"Amuna anga, mwa anthu onse aja, chala chanu chinasankha amayi?"

"Ndinali kuyang'ana m'buku."

"Ndiye kuti unakutsogolerani ndi Mzimu? Ndikawauze choncho?"

Ndinamuchonderera kuti asatero.

M'mawa mwake ndinagwira tambala yekhayo amene ndinali naye, mkazi wanga n'kupita naye kwa amayi ake kukandipepesera. Anatenga nthawi, ndipo ndili pakhomo ndinkamva awiriwo akuseka. Atabwera anakhala pansi n'kupereka yankho mokweza monga mwa masiku onse. Tambala walandiridwa, ngakhale ndi wowonda. Lachitatu likudzalo ndiwerengenso ineyo, chifukwa ena onse akamawerenga iwo amagona. Koma powerengapo manja akhale m'matumba.

Kabudula wanga wakutchalitchi analibe matumba. Madzulo ake mkazi wanga anang'amba thumba lakale la ufa n'kundisokera awiri, akuya mpaka m'mawondo.