Maphunziro Asanu ndi Awiri Amene Ndinawabera Atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ntchito ya atate inatha kumalo okonzera sitima za pamtunda, kwathu ku Railways kuno ku Kabwe. Anali munthu wa zitsulo. Zikhatho zawo zinali zokhakhala, ndipo fungo la girizi silinkawachoka ngakhale pa Misa ya Lamulungu.

Mng'ono wawo wa ku Lusaka anawatumizira laputopu yakale yomata ndi tepi pakona, nawalembetsa maphunziro a pa intaneti olemba mapulogalamu a kompyuta. Atate anauza amayi, anauzanso anzawo a ku mphakati, kuti pofika Khirisimasi akhala atapeza ntchito ina yosadetsa malaya. Anthu ankaseka chamseri, koma iwo anatsimikiza mtima.

Maphunzirowo anawasanja ngati makwerero: ukamaliza limodzi, m'pamene lotsatira linkatseguka. Pamwamba panali batani lobiriwira, ukalidina linkakufikitsa pomwe unalekezera. Atate ankadalira batani lokhalo. Ankaphunzira monga mmene anawaphunzitsira ntchito ali mnyamata, pamene anatha miyezi akupala chitsulo chimodzi asanaloledwe kukhudza injini. Phunziro lililonse ankalibwereza katatu, kenako n'kulikopera ndi bolopeni m'kabuku ka chikuto cholimba. Mwezi wathunthu anamaliza maphunziro anayi okha. Tsiku limene kompyuta inawamvera n'kulemba dzina la amayi, anawaitana kuchokera kochapa, thovu lili m'manja, kuti adzaone.

Ine ndinkaonerera kumbuyo kwawo mtima uli dyokodyoko. Yankho ndinkaliona iwo akadasakasaka chilembo ndi chala chimodzi. Ankakonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine ndinabadwa wa phuma, nkhonoyo ndikanaiponda isanatulutse masowo. Lamulo lawo linali limodzi: laputopuyo ndisaikhudze.

Kenako kunagwa maliro ku Katete, ndipo atate ndi amayi anachoka sabata yathunthu. Atangokhota pa msewu, ndinaitulutsa laputopu ija pansi pa zovala zawo. Ndikaweruka kusukulu ndinkadina batani lobiriwira lija n'kuthamanga nawo maphunziro, ena osawamvetsa bwinobwino, bola chitseko chitseguke. Pofika Loweruka ndinali nditamaliza asanu ndi awiri. Ndinaipukuta ndi chitenje kuti zala zisaoneke, ndinaibwezera pamalo pake, ndikudziona wochenjera. Sindinaganize kuti batani lija limasunga pomwe wafika, osafunsa kuti wafikapo ndani.

Atate atabwera anadina batani lawo, ndipo anagwera pa phunziro lakhumi ndi chiwiri akuyesa kuti ndi lachisanu. Mawu amene anali pamenepo anali asanawaonepo. Chilichonse chimene ankalemba, kompyuta inkawabwezera zilembo zofiira. Ankatsegula kabuku kawo, kuwerenga kuyambira tsamba loyamba, kuyesanso, zofiira zomwezo. Anatero masabata awiri, tiyi akuwazizirira pa tebulo.

Tsiku lina masana anandiitana.

"Tisa, bwela uone. Apa palibe vamene nalumpha? Vioneka monga njanji yaduka pakati."

Atate sankamenya mwana, chimene ndinkaopa chinali diso lawo basi. Ndinayang'ana pa galasi la laputopuyo ngati ndikufufuzadi.

"Awe adadi, ni mwamene ilili. Kusogolo imavutako chabe."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anandikhulupirira chifukwa ndinali mwana wawo wanzeru, amene ankamunyadira kwa aphunzitsi.

Loweruka lotsatira anaitseka laputopu ija, anakulunga chingwe chake bwinobwino, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Tenga, mwana wanga. Ine mutu unasila kudala. Iwe ukali na nzelu."

Ndinalandira, ndinathokoza nditagwada. Chinthu chimene ndinkachilakalaka chinabwera m'manja mwanga, ndipo ndinalibe kolowera ndi manyazi. Atate anakayamba kuwotcherera mageti m'mbali mwa msewu ku Chililalila. Anzawo a ku mphakati akawafunsa mwachipongwe kuti ntchito ya kompyuta yafika pati, ankaseka nawo limodzi, n'kumati galu wamkulu wakanika. Kuseka kumeneko kunkandipweteka kuposa mbama.

Laputopu yomweyo ndiyo inandilera pa ntchito. Lero ndimalemba mapulogalamu, ndipo mbali ina ya ntchito yanga ndi kusanja maphunziro a ongoyamba kumene. Anzanga amandiseka kuti ndimachedwa ndi masitepe ang'onoang'ono. Sindinawauzepo chifukwa chake.

Chaka chatha, posesa m'chipinda cha makolo anga, ndinapeza kabuku kaja. Maphunziro anayi oyamba analembedwa mwaudongo, mizere yojambula ndi rula. Kenako panali masamba ofufutafufuta, ena obooka ndi bolopeni. Pa tsamba lomaliza panali mawu amodzi: "Ndakalamba." Nthawi imeneyo anali asanakwanitse n'komwe zaka makumi asanu.

Atate ndinawapeza pakhonde akunola mpeni wa amayi, ndipo ndinawauza zonse. Anayesa mpeniwo ndi chala.

"Manje iyo lesoni faifi," anatero, "ikalipo?"

Phunziro lachisanulo linali litachotsedwa kalekale pa intaneti, choncho ndinawalembera ndekha. Pano ali pa lachisanu ndi chiwiri, chala chimodzi chomwecho, kabuku katsopano pambali, ndipo sindiwafulumizitsa. Anandikhululukira, koma zaka khumi ndi ziwiri zimene anakhala akudziyesa mbuli sindingawabwezere. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti phunziro likabwera nthawi yake isanakwane, silimuuza munthu kuti walumpha masitepe. Limamuuza kuti alibe nzeru. Atate anali atakayikira zimenezo, n'chifukwa chake anandifunsa, ndipo amene anatsimikizira bodzalo ndinali ine.